Musanamange katundu wopita mumzinda waukulu

Anthu awiri akhoza kuchokera mumzinda umodzi, atakhalamo zaka zofanana, n'kukuuzani nkhani ziwiri zosagwirizana. Wina adzati kumeneko ndalama sizisowa, bola munthu ukhale wochangamuka. Mnzake adzati anagwira ntchito usana ndi usiku, koma tsiku lobwerera analibe chogwira m'manja. Pa wailesi ndi pa intaneti n'chimodzimodzi. Lero mumva kuti mizinda ndiyo ikukoka chuma cha dziko lonse lapansi, mawa mumva kuti mizinda yomweyo yadzaza, lendi yakwera, achinyamata akungozungulira m'maofesi ndi makalata ofunsira ntchito. Munthu amene akulingalira zosamuka amangoti kakasi, osadziwa womvera.

Pa awiriwa palibe akunama. Chenicheni chimene mzinda waukulu umapatsa munthu ndi kuyandikira: kuyandikira olemba ntchito, ogula, zipatala, sukulu, ndi anthu odziwa zimene inu simuzidziwa. Kuyandikirako kuli ndi mtengo wake, ndipo munthu amaulipira ndi lendi, ndi nthawi ya pamsewu, nthawi zina ndi thanzi lake. Amene anapeza zambiri kuposa mtengowo ndiye amatamanda mzinda. Amene mtengowo unamukulira ndiye amautukwana. Kupita kapena kusapita mudzasankha nokha. Changa n'kukuonetsani mmene masamu ake amayendera, kuti muwachite mutakhala pansi, chikwama chisanatsekedwe.

Mzinda waukulu n'chiyani kwenikweni?

Mawu oti mzinda alibe tanthauzo limodzi. Ku Denmark, malo a anthu 200 okha amawerengedwa kale ngati tauni, pamene ku Japan muyeso wake ndi anthu 50,000. Pofuna kuti mayiko aziyerekezeka, mu 2020 bungwe la United Nations linavomereza muyeso umodzi: mzinda ndi malo a anthu osachepera 50,000 okhala mothithikana, anthu 1,500 kapena kuposerapo pa sikweya kilomita iliyonse. Mizinda ikuluikulu zedi, ya anthu oposa 10 miliyoni, inalipo iwiri yokha mu 1950, New York ndi Tokyo. Pofika 2018 inali 33, Tokyo ndi madera oizungulira ili patsogolo ndi anthu pafupifupi 37 miliyoni.

Mu 1950, anthu 30 pa 100 alionse padziko ankakhala m'matauni. Cha m'ma 2007 chiwerengerocho chinadutsa theka, mu 2018 chinafika pa 55, ndipo chaka chomwecho bungwe la United Nations linayembekezera kuti chidzafika pa 68 pofika 2050. Kwa inu, tanthauzo lake n'losavuta: chipinda chimene mukuchifunacho akuchifunanso ena ambiri.

Pali kusiyana kumodzi kumene kumasokoneza alendo. Malire a khonsolo ya mzinda ndi ena, malo onse amene anthu amawatchula ndi dzina la mzindawo ndi enanso. M'malire a Paris yeniyeni mumakhala anthu opitirira pang'ono 2 miliyoni, koma chigawo chonse chozungulira chili ndi anthu oposa 12 miliyoni, ndipo ambiri a iwo mukawafunsa kumene amakhala adzati ku Paris. Dzina la mzinda lili ngati dzina la nyanja yaikulu. Asodzi awiri anganene kuti amapha nsomba m'nyanja imodzi, wina ali gombe lino, wina tsidya, osaonana moyo wawo wonse. Wina akakuuzani kuti ntchito ili mumzinda ndipo chipinda chilinso mumzinda momwemo, sanakuuzeni kanthu. Funsani dera la ntchitoyo ndi dera la chipindacho.

Chifukwa chake anthu amaunjikana

Mu 1890, katswiri wa zachuma wa ku England, Alfred Marshall, anafotokoza chifukwa chake mafakitale a ntchito imodzi amakonda kumangidwa pamalo amodzi. Antchito aluso amapezeka pafupi, ogulitsa zipangizo amabwera pafupi, ndipo luso limafalikira lokha anthu akamaonerana. Aliyense amene analowapo mumsika anaziona zimenezi. Ogulitsa nsapato amakhala mzere umodzi ngakhale akulimbirana ogula, chifukwa wofuna nsapato amadziwa kolowera, ndipo onse amagulitsa zambiri kuposa akanakhala yekhayekha. Mzinda ndi msika womwewo utakula. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse imati zoposa 80 pa 100 za chuma chimene chimapangidwa padziko chimachokera m'mizinda.

Phindu limeneli siligawidwa mofanana. Wokonza zikepe za m'nyumba zosanjikizana sangapeze kasitomala kwina kulikonse koma mumzinda, ndipo kumeneko amachita kumufunafuna. Munthu amene luso lake aliyense ali nalo amapeza anzake masauzande ali kale pamzere.

Malipiro olembedwa ndi malipiro oyembekezera

Apa ndi pamene pagona nkhani ya anthu awiri aja. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, akatswiri awiri a ku America amene ankagwira ntchito ku Nairobi, John Harris ndi Michael Todaro, anadabwa ndi chinthu chimodzi: n'chifukwa chiyani anthu amapitirizabe kukhamukira mumzinda umene malova adzaza kale? Yankho lawo linatuluka mu 1970. Iwo anati munthu posamuka sayang'ana malipiro okha. Amayang'ana malipirowo pamodzi ndi mwayi woti awapeze.

Tinene kuti kumene muli mumapeza 100 pamwezi, ndalama yake ikhale ya dziko lililonse, ndipo ntchito ya mumzinda imalipira 300. Ngati pa anthu awiri ofuna ntchitoyo mmodzi amaipeza, malipiro oyembekezera ndi 150. Akuposabe 100, choncho anthu apitiriza kubwera. Adzaleka pokhapokha ofuna ntchito atachuluka mpaka woipeza akhale mmodzi pa atatu, chifukwa pamenepo chiyembekezo chatsikira pa 100. N'chifukwa chake kuwonjezera ntchito mumzinda nthawi zina kumachulukitsa malova m'malo mowachepetsa. Ku Kenya zinaoneka mu 1964, pamene boma, olemba ntchito ndi mabungwe a apantchito anagwirizana zolemba anthu ambiri. Mbiri itamveka, anthu ena atsopano anabwera m'matauni kudzafuna ntchito zomwezo.

Koma onetsetsani chinthu ichi: palibe munthu amene amalandira 150. Wina amalandira 300, wina salandira kanthu. Chiwerengero chapakati chimathandiza boma pokonza mapulani, koma inu mudzakhala mmodzi wa awiriwo. Choncho funso lothandiza ndi lakuti, kodi anthu a luso langa ndi mapepala anga amatenga miyezi ingati asanapeze ntchito kumeneko? Funsani anthu atatu kapena anayi, ndipo pakati pawo pakhale amene zinamukanika. Amene zinawayendera ndi amene amalankhula mokweza ndi kuika zithunzi pa Facebook. Amene anabwerera chimanjamanja amakhala chete, ndiye nkhani zimene zimatifika zimakhala zosefa kale.

Ndalama 300 zija nazonso sizikhala 300 zikafika m'thumba. Zinthu zimene munthu sankaziwerengera kumalo ang'onoang'ono zimasanduka bilu: pogona, madzi, moto wophikira, ulendo wa kuntchito, kutaya zinyalala, wosamalira mwana. Malipiro enieni ndi amene amatsala zonsezi zitachoka. Si zachilendo kupeza kuti 300 ya mumzinda imagula zochepa kuposa 100 ya kumene munachoka, ndipo si zachilendonso kupeza kuti imagula zambiri. Zimangofunika pensulo ndi mitengo yeniyeni ya chaka chino, osati ya chaka chimene m'bale wanu anasamuka.

Kenako pali mpata umene umagwetsa ngakhale anthu amene ali ndi kalata ya ntchito m'manja. Lendi imalipiridwa mwezi usanayambe, malipiro amabwera mwezi utatha. Pakati pake muyenera kudya, kukwera basi, kugula chogonera ndi chophikira. Munthu amene sanakonzekere mpata umenewu amathawira kwa akatapila m'sabata yachitatu, n'kuyamba moyo wa mumzinda ali kale ndi ngongole yobereka. Ine ndimaona kuti ndalama zodikirira zimenezi n'zofunika kuposa malonjezo onse amene mwapatsidwa. Ndalama ya ulendo wobwerera ikhale payokha, osaikhudza. Munthu amene ali ndi njira yobwerera amatha kukana ntchito yoipa.

Ntchito zosalembedwa m'kaundula

Ambiri amene sapeza ntchito ya muofesi kapena m'fakitale sakhala chabe. Amachita geni, amagwira maganyu, amanyamula katundu, amakonza mafoni m'mbali mwa msewu, amasoka, amachapa. Keith Hart wa ku Britain anafufuza moyo wa anthu otere mumzinda wa Accra ku Ghana, ndipo zimene analemba mu 1973 zinathandiza kuti akatswiri ayambe kuziona ngati gawo lenileni la chuma. Mu 2018 bungwe la zantchito padziko lonse, ILO, linati anthu 2 biliyoni, oposa 60 pa 100 ya ogwira ntchito onse, amadya kudzera m'ntchito zotere.

Akatswiri sagwirizana pa mmene angazionere. Ena amati ndi makwerero: khomo lake n'lotseguka, safunsa satifiketi, ndipo munthu amaphunzira mzinda akupeza kangachepe. Ena amati ndi msampha: palibe mgwirizano wolembedwa, palibe penshoni, tsiku lodwala ndi tsiku la njala, ndipo a khonsolo akhoza kulanda katundu m'mawa umodzi. Mbali zonse zili ndi umboni wake. Chimene mlendo ayenera kudziwa n'chakuti malo ooneka ngati alibe mwini amakhala ndi eni ake. Pakona pamene mukuona kuti mungayale malonda pali amene amayala kale, pali wotolera msonkho, pali malamulo osalembedwa amene mumawadziwa mutawaphwanya.

Mlendo wofuna ntchito ndiye nyama ya akathyali. Chizindikiro chawo chachikulu n'chimodzi, amafuna kuti inu muyambe mwalipira: ya fomu, ya yunifolomu, ya maphunziro, ya kukusungirani malo. Pangano la ILO nambala 181 la mu 1997 limati mabungwe opezera anthu ntchito asalipiritse ofuna ntchito, ngakhale kuti si mayiko onse amene analivomereza ndipo lili ndi popumira pena. Choopsa kwambiri ndi munthu amene akuti akulipirirani ulendo, akusungirani chiphaso kapena pasipoti, ndipo mudzabweza mukayamba ntchito. Umu ndi mmene anthu ambiri amagwera m'manja mwa ozembetsa anthu. Chiphaso chanu chisachoke m'manja mwanu, ndipo munthu mmodzi amene mumamukhulupirira adziwe dzina ndi malo enieni a kumene mukupita.

Lendi ndi mtunda ndi chinthu chimodzi

Mu 1964, katswiri wa zachuma cha mizinda, William Alonso, anafotokoza zimene aliyense wofuna nyumba amazizindikira m'sabata yoyamba: malo amakwera mtengo mukamayandikira pakati pa mzinda, pamene pali ntchito, ndipo amatsika mukamatalikira. Kutsikako si mphatso. Zimene simunapereke kwa mwini nyumba mudzapereka kwa mwini basi. Zili ngati sikelo ya mbale ziwiri, mbale imodzi ikatsika inzake imakwera.

Mwina munamvapo langizo loti lendi isapitirire 30 pa 100 ya ndalama zimene mumapeza. Langizoli linachokera ku malamulo a nyumba za boma ku America. Mu 1969 anaika malire pa 25 pa 100, mu 1981 anawakweza kufika pa 30. Ndi poyambira pabwino, koma lili ndi zofooka ziwiri. Munthu wolandira zambiri angapereke theka la malipiro ake n'kutsalabe ndi zokwanira, pamene wolandira zochepa ngakhale 30 pa 100 ingamusiye ndi njala. Chachiwiri, langizoli siliwerengera mayendedwe. N'chifukwa chake ofufuza ena ku Chicago anayamba kuphatikiza lendi ndi mayendedwe pamodzi, n'kuika malire pa 45 pa 100. Phatikizani ziwirizi nthawi zonse, ndipo muyerekeze zipinda potengera chiwerengero chophatikizacho.

Nthawi nayo ndi ndalama imene siibwezedwa. Mu 1994, wasayansi wa ku Italy, Cesare Marchetti, anaonetsa kuti kuyambira kalekale anthu amalolera kuyenda pafupifupi ola limodzi patsiku, kupita ndi kubwerera. Mizinda yakale ya anthu oyenda pansi sinkapitirira makilomita 5 kuchokera mbali ina kufika ina. Mizinda inatambasuka pamene kunabwera zoyendera zothamanga, monga sitima ya pansi pa nthaka imene inayamba ku London mu 1863, kapena mabasi okhala ndi msewu wawowawo amene mzinda wa Curitiba ku Brazil unayambitsa mu 1974. Vuto limabwera pamene mzinda wakula kuposa zoyendera zake. Pamenepo ola limodzi lija limasanduka atatu kapena anayi.

Ndinakhalapo m'chipinda chotchipa cha kumalire kwa mzinda, ndipo ndinkadziona ngati wochenjera. Ndinkadzuka kunja kuli mdima, n'kukapeza mzere pamalo okwerera utafika kale pakona, aliyense atakumbatira chikwama pachifuwa, maso ali kumsewu. Basi yoyamba inkadutsa yodzaza osaima. Yachiwiri inkatenga anthu asanu. Ndikakwera yachitatu, tinkaima pamphambano imodzi mphindi makumi awiri, dzuwa likutuluka, ine ndikuyang'ana wotchi. Maola awiri kupita, awiri kubwerera, masiku 6 pasabata. Tsiku lina ndinawerengera n'kupeza maola 24, tsiku lathunthu ndi usiku wake likuthera pampando wa basi sabata iliyonse. Musanavomere chipinda, yesani ulendo wa kuntchito pa ola limene mudzayendadi, tsiku la ntchito, osati Lamlungu masana misewu ili mbee. Funsaninso kuti basi yomaliza imadutsa nthawi yanji, ndi kuti mtengo umasintha bwanji mvula ikagwa.

Poona chipinda

Bungwe la UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, limayesa malo okhala ndi zinthu zisanu: madzi abwino, chimbudzi choyenera, malo okwanira kuti anthu asapitirire atatu m'chipinda chimodzi, nyumba yolimba, ndi chitsimikizo chakuti munthu sathamangitsidwa mwadzidzidzi. Chimodzi chikasowa, banjalo limawerengedwa kuti likukhala mosayenera, ndipo anthu oposa 1 biliyoni padziko ali m'gulu limeneli. Muyeso womwewu mungaugwiritse ntchito inuyo mutaima pakhomo la chipinda chimene akukuonetsani.

Yambani ndi madzi. Mu 1854 kolera inapha anthu oposa 600 m'dera la Soho ku London. Dokotala John Snow analemba pamapu nyumba iliyonse imene munafa munthu, ndipo anaona kuti zonse zazungulira mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Madzi ake anali ataipitsidwa ndi zonyansa za m'dzenje loyandikana nawo. Phunziro lake silinakalambe: anthu akathithikana, chimbudzi cha mnzanu chimakhudza madzi anu. Madzi amadyanso ndalama mosayembekezereka. Lipoti la mu 2006 la UNDP, nthambi ya United Nations yoona zachitukuko, linapeza kuti anthu a m'madera osauka a Jakarta, Manila ndi Nairobi ankagula madzi pamtengo wokwera kasanu mpaka kakhumi kuposa anthu olemera a m'mizinda yomweyo, chifukwa iwo ankagula m'zigubu pamene enawo anali ndi mipopi m'nyumba.

Choncho tsegulani mpopi nokha, musangouzidwa. Yang'anani m'munsi mwa khoma. Mukaona mzere wodera wozungulira chipinda chonse, kapena penti yatsopano yopakidwa m'munsi mokha, dziwani kuti madzi a mvula amalowa ndipo anafika pamenepo. Nunkhizani pakona, chinyontho sichibisika. Kwezani maso kudenga. Werengani zitseko zimene zimagwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi. Funsani ngati mita ya magetsi ndi ya madzi ndi yanu nokha kapena yogawana, chifukwa mikangano yambiri ya anthu okhala mpanda umodzi imayambira pabilu. Mukatero, musiyeni mwini nyumba apite, n'kucheza ndi woyandikana naye amene akuchapa panja. Iyeyo alibe chimene akugulitsa. Adzakuuzani masiku amene madzi amatuluka, chifukwa chimene wokhalamo wakale anachokera, ndi njira imene anthu saidutsa kukada. Ngati n'kotheka bwereraninso usiku, chifukwa dera la masana ndi la usiku nthawi zina sizifanana.

Chachisanu chija, chitsimikizo, chimagona papepala. Malamulo a lendi amasiyana dziko ndi dziko, mzinda ndi mzinda, koma mafunso ake ndi amodzi: dipoziti ndi ya miyezi ingati ndipo imabwezedwa bwanji, notisi ndi ya masiku angati, lendi ingakwere liti, chikawonongeka akonza ndani. Mayankho alembedwe ngakhale papepala la m'kope, onse awiri asayine, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti. Tsiku lolowa jambulani ming'alu ndi mawindo osweka pafoni, kuti tsiku lotuluka asadzati munaswa ndinu. Tsimikizaninso kuti amene akulandira ndalamayo ndi mwini nyumba kapena womuimira weniweni. Chinyengo chofala m'mizinda yonse ndi cha munthu amene amaonetsa zithunzi zokongola, n'kunena kuti ofuna ndi ambiri, tumizani dipoziti lero. Nyumba imene simunalowemo ndi mapazi anu musailipire.

Mapepala

Mizinda ina imafuna kuti mlendo alembetse. Ku Germany munthu ayenera kukalembetsa adiresi yake yatsopano pasanathe masabata awiri. Ku China, dongosolo la hukou limene linakhazikitsidwa mu 1958 linamangirira sukulu ndi chithandizo cha boma kumalo amene munthu analembetsedwa, moti anthu mamiliyoni ambiri agwira ntchito m'mizinda imene ana awo sankaloledwa mosavuta kuphunziramo. Kwina kulibe zoterezi, komabe banki, sukulu ndi wolemba ntchito adzafuna chiphaso, masatifiketi ndi umboni wa kumene mukukhala. Fufuzani musananyamuke, ndipo musunge zithunzi za mapepala onse pamalo ena.

Anthu ambiri, odziwana ochepa

Mlendo amadabwa kuti anthu amadutsana osapatsana moni, ndipo amafulumira kuganiza kuti a mumzinda ndi odzimva. Georg Simmel, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu amene ankakhala ku Berlin ku Germany, anafotokoza mu 1903 kuti kuumako ndi chishango. Munthu amene amakumana ndi nkhope masauzande patsiku sangathe kutsegulira mtima iliyonse. Kudziwa zimenezi kumachepetsa ululu, koma sikuchotsa kusungulumwa kwa miyezi yoyamba, pamene munthu amabwera madzulo n'kupeza kuti tsiku lonse palibe amene wamutchula dzina. Zimachitikira ambiri, ndipo si chizindikiro chakuti mwalephera.

Pa nkhani ya ntchito, odziwana nawo patalipatali ndi amtengo wapatali. Mu 1973, wofufuza wa ku America, Mark Granovetter, anaonetsa zimene anapeza atafunsa anthu a pafupi ndi Boston amene anali atangosintha ntchito. Mwa amene anamva za ntchitoyo kwa munthu, ambiri anaimva kwa munthu amene ankakumana naye mwa apo ndi apo, osati kwa bwenzi la pamtima. Chifukwa chake n'chomveka. Anzanu apamtima amadziwa zimene inu mukudziwa kale, pamene munthu wa patali amayenda m'magulu ena ndipo amamva zina. Mnzanu wa kusukulu amene simunalankhule naye zaka zisanu, woyandikana naye nyumba, munthu amene mumapemphera naye kapena kusewera naye mpira, onsewa adziwe luso lanu ndi zimene mukufuna.

Ambiri amafikira kwa m'bale kapena mnzawo, ndipo popanda anthu oterewa kusamuka kukanatheka kwa olemera okha. Koma kumbukirani kuti wokulandiraniyo amalipira madzi alionse amene mukusamba. Kambiranani poyamba penipeni kuti mukhala nthawi yaitali bwanji ndipo muzithandiza chiyani, nkhope zisanayambe kusintha. Otsala kumbuyo nawonso musawalonjeze ndalama ya mwezi ndi mwezi musanaone bilu zanu zoyamba.

Zimene sizinayankhidwe

Funso lalikulu, loti kodi kusamukira mumzinda kumachotsadi munthu mu umphawi, lilibe yankho limodzi. Mu 2008 ofufuza anapatsa mabanja osauka a kumpoto kwa Bangladesh ndalama zochepa, zongokwanira ulendo, kuti mmodzi akagwire ntchito kutauni m'nyengo ya njala. Ambiri anapita, mabanja awo anadya bwino kuposa amene sanapatsidwe, ndipo ena anapitanso okha zaka zotsatira. Koma ntchitoyi itakulitsidwa kwa anthu ochuluka mu 2017, zotsatira zake sizinafanane ndi zoyambazo. Akatswiri akutsutsanabe ngati vuto linali kayendetsedwe kake kapena ngati phindu limachepa anthu akachuluka. Palinso funso lovuta kuyeza: kodi amene zimawayendera mumzinda zimatero chifukwa cha mzindawo, kapena ndi anthu amene zikanawayendera kulikonse?

Pa lendi, mkangano sunathe. Ofuna kuti boma liike malire amati popanda malirewo anthu wamba amakankhidwira kunja kwa mzinda. Otsutsa amati malire amafooketsa omanga nyumba, ndipo amateteza amene ali kale m'nyumba pamene mlendo akusowa polowa. Berlin inaimitsa kukwera kwa lendi mu 2020, khoti lalikulu la Germany linathetsa lamulolo mu 2021 ponena kuti mzindawo unalibe mphamvu yolipanga, ndipo funso loti likanathandiza kapena ayi linatsala lili chiimire. Chimodzimodzi madera omangidwa popanda pulani: kodi agwetsedwe anthu n'kusamutsidwira kutali ndi ntchito zawo, kapena akonzedwe pomwepo powabweretsera madzi, ngalande ndi misewu? Ndipo akakonzedwa lendi n'kukwera, wopindula ndani?

Kuyambira mu 2020, mliri wa COVID-19 utakakamiza ambiri kugwirira ntchito kunyumba, ena akufunsa ngati kuyandikira kudakali ndi mtengo umene kunali nawo. Kwa wogwira ntchito pakompyuta mwina kwasintha. Kwa namwino, womanga nyumba ndi woyendetsa basi sikunasinthe, ndipo sizikudziwika kuti magulu awiriwa adzakoka mizinda kupita mbali iti. Nyengo nayo yalowerera. Mizinda yambiri ikuluikulu ili m'mphepete mwa nyanja, ndipo Jakarta ikumira pang'onopang'ono, chimodzi mwa zifukwa zimene Indonesia inakhazikitsira lamulo mu 2022 losamutsa likulu lake kuchoka mumzindawu kupita ku Nusantara. Maofesi a boma angasamuke, koma anthu mamiliyoni amene ali m'madera otsika adzapita kuti, ndipo adzalipira ndani?

Pomaliza pali mizinda yapakati, imene siitchulidwa kawirikawiri. Pafupifupi theka la anthu a m'matauni padziko lonse amakhala m'malo a anthu osakwana 500,000. Kumeneko lendi imakhala yotsikirapo ndipo ulendo wa kuntchito ndi waufupi, koma olemba ntchito ndi ochepa, ndipo amene ntchito yamuthera sakhala ndi khomo lachiwiri logogoda pafupi. Kodi mzinda umafika pa ukulu wotani kuti mtengo wa kuthithikana uyambe kuposa phindu la kuyandikira, ndipo kodi malire amenewo ndi amodzi kwa dokotala ndi kwa wonyamula katundu? Ofufuza sanagwirizanebe.